Munthu Woyezera Nsanamira

Pepalali anabwera nalo ndi Wagdi wogulitsa mabuku akale,
atalikulunga m'nyuzipepala ya dzana,
nati, "Sawsan, chotsa madonthowa,
kasitomala wanga akwera ndege Lachinayi."
Ndinaliyala patebulo pansi pa zenera
loyang'ana kamsewu kathu ka ku Abdin,
kumene wogulitsa gasi amagogoda botolo ndi sipanala
anthu asanasukusule n'komwe.

Kachisi wa ku Edfu.
Koma osati amene ndimamudziwa ine,
wa matikiti pakhomo ndi ngolo za akavalo zolimbirana alendo.
Uyu wamira mumchenga mpaka m'khosi,
mitu ya nsanamira yokha ndiyo yasuzumira
ngati anthu owoloka mtsinje wodzaza atasenza katundu.
Padenga pali tinyumba ta zidina,
mbuzi iwiri, ndi nsalu yoyanikidwa.

Wozokota pamkuwa sanapondeko kuno, ndikutero ine.
Anakhala mumzinda wozizira, zala zili gwa,
kutsata zojambula za mnzake amene anapsa ndi dzuwa lathu,
nazokota zonse chotembenuza,
kumanzere kuli kumanja,
kuti inki ikadzakhudza pepala dziko lidzawongoke.
Mthunzi anachita kuuluka,
kamzere pamwamba pa kamzere, mpaka mdima utakwana.
Zilembo za makolo zinamukanika, anangozikometsera:
kadzidzi wina wamupatsa mchira wa nkhunda.

Diso langa lakodwa pakona.
Pali kamunthu, msinkhu ngati njere ya mpunga,
mkanjo, ndodo m'manja,
nkhope palibe, timizere titatu basi.
Anakaimika pamenepo kuti wogula aone kukula kwa mwala.
M'munsi muli dzina la wojambula,
la wozokota, la wosindikiza,
onse atatu ndi zilembo zopotana michira.
La iyeyu sanafunse.

Malume anga a Girgis, osoka nsapato ku Edfu komweko,
akafika pa kapu yachitatu ya tiyi ankati
athu anagonapo padenga limenelo,
anabereka ana, anaphika nyemba pamwamba pa milungu,
asanafike anthu a mafosholo
kudzagwetsa nyumba kuti miyala ipume.
Koma malumewo nkhani ankaithira mchere.
Sindingalumbire.

Ndanyowetsa pepala pang'onopang'ono,
thonje kunsonga kwa kamtengo,
mpweya ndaugwira ngati wodutsa pafupi ndi mwana wogona.
Madontho a dzimbiri akuchoka, limodzi kumwamba,
asanu ndi awiri pachipata,
lina lalikulu pamsana pa mbuzi.
Latsala limodzi.
Lakhala pamutu pa kamunthu kaja, ndendende,
lofiirira ngati khungu la anthu a kummwera
amene amatsika sitima ya usiku atanyamula madengu.
Zaka zonsezi chinyezi chinali pantchito m'kabati ya winawake,
kumaliza mwakachetechete zimene wozokota anasiya.

Thonje lili m'mwamba.
Kunja wa gasi wagogodanso.
Ndabweza dzanja.

Lachitatu Wagdi anabwera, magalasi pamphuno,
naloza ndi chikhadabo: "Nanga ili?"
Ndinati lalowerera, ndikalikakamiza pepala libooka.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
poti tadziwana kuyambira tili kusukulu ndipo bodza langa amalidziwa kayendedwe,
kenako anadula mapaundi makumi asanu pa malipiro anga
napempha tiyi wopanda shuga.

Asanalikulunge ndinalitembenuza, pensulo m'manja,
kuti ndilembe dzina kumbuyo, mwa timalemba tating'ono.
Liti?
Pensulo inangosiya kadontho.

Lero Lachinayi. Ndege ndaimva ikudutsa ndikutsuka mabeseni,
kaya ndi yomweyo.
Akupita kukapachikidwa pakhoma la eni,
m'dziko limene dzuwa limalowa anthu asanaweruke,
ndodo m'manja, mchenga m'mapazi,
akuyezabe nsanamira.
Wopukuta galasi tsiku lina adzakanda pamenepo ndi chala
kuyesa ndi litsiro.
Silidzachoka, lili mkati.